Lipenga la mu Novembala: Mkhristu Alemekeze Bwanji Msilikali?

Takulandirani ku pulogalamu yathu imene timasinkhasinkha za chikhulupiriro ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Lero tikambirana za asilikali, aja anapita kunkhondo n'kubwerako, ndi aja anapita osabwerako. Ngati pali agogo pafupi, aitaneni adzamvere nawo, chifukwa zina mwa zimene tikambe iwo akuzidziwa bwino kuposa ife.

Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, dziko lathu limakumbukira anthu amene anafera kunkhondo. Mwambo umachitika ku Zomba pa chipilala chachitali cha njerwa zofiira chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks, umachitikanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ikakwana 11 koloko m'mawa anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri, lipenga limalira, akuluakulu a boma amaika nkhata za maluwa, atsogoleri a zipembedzo amapemphera. Kutsogolo kumakhala nkhalamba zovala mamendulo pachifuwa, ndipo chaka ndi chaka mzere wawo ukufupika. Funso langa lero n'lakuti, tikamaweramitsa mitu pamenepo timakhala tikulemekeza chiyani? Alipo Akhristu amene mtima wawo sukhazikika pa tsikuli, chifukwa Ambuye wawo anaphunzitsa kukonda adani. Aliponso amene amati mwambowu n'chotsalira cha atsamunda basi. Onsewa tiwamvetsera bwinobwino. Koma mfundo yanga ndiyiike poyera pachiyambi pomwe pano: kulemekeza msilikali ndiko kunena zoona za zimene nkhondo inam'chita, ndi kum'patsa gawo lake. Munthu angathe kuchita zimenezi akudana nayo nkhondo ndi mtima wake wonse. Tiyamba ndi mbiri ya anthuwa, kenako tione zimene mabuku ndi mafilimu amatiuza, zimene nyimbo zathu zinasunga, ndi zimene Baibulo limafuna kwa ife.

Anthuwa anali ndani? Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayambira ku Ulaya mu 1914, pa mikangano ya mafumu ndi maboma imene munthu wa ku Ntcheu kapena ku Mulanje sankaidziwa n'komwe. Koma sipanathe mwezi, inali itafika kale kwathu kuno. Mu Ogasiti chaka chomwecho sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen inawombera sitima ya Majeremani pa nyanja yathu ino, ndipo mu Seputembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, kumene manda ake alipo mpaka lero. Makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya. Asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, anathamangitsana ndi mkulu wankhondo wa Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, kudutsa m'Tanganyika, kulowa m'Mozambique, mpaka ku Zambia ya lero, kumene iye anakatula zida ku Mbala patatha masabata awiri nkhondo italekeka ku Ulaya.

Koma msilikali sayenda popanda ufa ndi zipolopolo, ndipo kumene nkhondo inkamenyedwako misewu ya galimoto inali yosowa, mahatchi ndi ng'ombe zinkatha ndi kashembe. Choncho katundu ankayenda pamutu pa munthu. Awa ndiwo amtengatenga. Olemba mbiri, monga Melvin Page amene anazungulira m'midzi yathu kucheza ndi okalamba amene anaiona nkhondoyo ndi maso, amati ovala yunifolomu ochokera m'dziko muno sanakwane 20,000, pamene amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Ndiinene mosavuta kumva: pa msilikali mmodzi aliyense panali amtengatenga khumi, m'dziko limene anthu ake onse, kuwerenga amayi ndi ana omwe, anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwakufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, amesenjala ankagwira anthu usiku, ndipo mwamuna akathawira kuthengo nthawi zina ankamugwirira mkazi wake mpaka iye atadzipereka. Ankasenza katundu wolemera pafupifupi theka la thumba la chimanga, kukwera naye mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja, alibe nsapato, phoso lili lochepa. Chimene chinawatha kwambiri ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala. Kumudzi minda inagonera chifukwa olima anali atatengedwa, ndipo nkhondo itangotha kunagwa mliri wa fuluwenza.

Ana a anthu omwewa ndiwo anatengedwanso pa nkhondo yachiwiri, kuyambira mu 1939. Anakamenya ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, n'chifukwa chake malo a asilikali a ku Mzuzu amatchedwa Moyale Barracks. Anapita ku Madagascar, anawoloka nyanja yamchere mpaka ku Ceylon, kenako n'kukalowa m'nkhalango za Burma nthawi ya mvula yosakata kukamenyana ndi asilikali a Japan. Nkhalamba zochepa zimene zatsala pamzere wakutsogolo uja n'za m'badwo umenewu ndi wotsatira wake, umene unakatumikira ku Malaya.

Tsopano tiyeni tione kumene ambiri a ife timaphunzira za nkhondo. Mwa chisomo cha Mulungu, Amalawi ambiri a lero sanamvepo mzinga ukulira pafupi. Nkhondo timaidziwira m'nkhani zopeka: mabuku aja a akazitape, zigawenga ndi asilikali a ganyu, olembedwa ndi anthu ngati Frederick Forsyth ndi Robert Ludlum, amene munthu ukaliyamba sugona mpaka ulimalize, ndiponso mafilimu oonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo pamsika, ena ochita kuwamasulira m'Chichewa. Sindinabwere kudzanena kuti kuwerenga kapena kuonera zimenezi n'tchimo. Luso loimika munthu mtima pofotokoza nkhani ndi mphatso, ndipo Baibulo lenilenilo lili nazo nkhani zotere: azondi obisidwa ndi Rahabe padenga ku Yeriko, Estere akulowa kwa mfumu moyo wake uli m'manja, Paulo akutsitsidwa mumtanga usiku pa linga la Damasiko. Vuto lili pa zimene nkhani yotere imafuna kuti ikome. Imafuna ngwazi imodzi, mdani woonekeratu kuipa kwake, ndi mathero omveka bwino. Zitatu zonsezi kunkhondo yeniyeni kulibe. Kumeneko amapambana kapena kugonja ndi anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo osagwira n'komwe mfuti. Mdani nthawi zambiri ndi mnyamata wa mudzi wina amene nayenso anachita kugwidwa. Pa nkhondo ya Chiwaya, asilikali ambiri a mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Ndipo kwa wobwerako, nkhondo siitha tsiku losainira mapepala.

Tengani chitsanzo cha Rambo, dzina limene ngakhale mwana wa sukulu ya pulaimale amalidziwa. Munthuyu anayambira m'buku la David Morrell lotchedwa First Blood, limene linatuluka mu 1972. M'bukumo Rambo ndi mnyamata wobwerera kuchokera ku nkhondo ya Vietnam mutu utasokonezeka, wosowa pokhala, wothamangitsidwa ndi apolisi a kwawo komwe, ndipo pomaliza amafa. Mlembi ankafuna kuonetsa anthu a ku America kuti nkhondo imene anaitumiza kutali yabwerera kunyumba m'mitima ya ana awo. Filimu yoyamba ya mu 1982 inasungako pang'ono zimenezi, moti kumapeto kwake munthu wamphamvu uja amalira misozi pokumbukira mnzake amene anafera m'manja mwake. Koma mafilimu otsatira anam'sandutsa makina ophera anthu, ndipo Rambo amene anatchuka m'tinyumba tathu ta vidiyo ndi ameneyo. Chisoni chinachotsedwamo chifukwa chimene chinkagulitsa ndi mfuti. Palinso buku la C. S. Forester, The African Queen, la mu 1935, limene nkhani yake ikuchitika pa nkhondo yoyamba ija kuno kum'mawa ndi pakati pa Africa. Ngwazi zake ndi azungu awiri m'kabwato, ndipo anthu akuda, amene panthawiyo ankafa m'njira katundu ali pamutu, amangooneka ngati mitengo ya m'mbali mwa mtsinje.

Wina anena kuti, inu, izi n'zongosangalatsa, ndani angasokoneze filimu ndi moyo weniweni? N'zoona kuti munthu wamkulu amadziwa kuti chipolopolo sichiphonya ngwazi nthawi zonse. Koma nkhani zimene timazimva kawirikawiri zimatiphunzitsa zoyembekezera, ngakhale tisanazindikire. Mwana wokulira pa Rambo akaona agogo ake amene anapita ku Burma akukana kukamba za kumeneko, kapena malume ake obwera ku Congo akudzidzimuka chitseko chikamenyeka, akulota zoopsa, akumwa mowa mopitirira, amaganiza kuti ndi ofooka kapena alodzedwa. Sadziwa kuti amenewo ndi mabala a nkhondo, ndipo amafunika chithandizo monga bala lina lililonse. Choncho werengani mabuku anu, onerani mafilimu anu, koma mukatseka bukulo dzifunseni kuti, kodi anasenza chakudya cha ngwaziyi ndani? Nanga mayi wa mdani amene wagwa pa tsamba lomaliza uja wamva bwanji uthenga?

Baibulo lili ndi nkhani ya msilikali yoimika mtima kuposa mabuku ambiri a akazitape, ndipo ili m'buku lachiwiri la Samueli, mutu 11. Asilikali a Israeli ali kunkhondo ku Raba, koma mfumu Davide watsala kunyumba. Watenga mkazi wa msilikali wake, Uriya Mhiti, ndipo mkaziyo waima. Pofuna kubisa, Davide aitanitsa Uriya kuti akagone kunyumba kwake. Uriya akana, akuti sangakagone pabwino anzake ali kuthengo. Mfumu imuledzeretsa, koma osatheka. Pomaliza Davide alemba kalata kwa Yowabu, mkulu wankhondo, yolamula kuti Uriya aikidwe pamene nkhondo yatentha kwambiri kenako anzake am'siye yekha. Ndipo wonyamula kalatayo ndi Uriya mwini wake. Akuyenda ulendo wonse atasunga bwino imfa yake, osaitsegula, chifukwa ndi wokhulupirika. Taonani kumene mlembi wopatulika waika maso ake. Mzinda wa Raba unagwa ndithu, koma iye sataya nthawi ndi chipambanocho. Akutionetsa msilikali wamba wogwiritsidwa ntchito ndi wamkulu wake, ndi mneneri Natani akulowa kunyumba yachifumu kukanena zoona pamaso pa mfumu. Ndipo pamene Mateyu akulemba mndandanda wa makolo a Yesu, dzina la Uriya akuliikamo. Mulungu sanalole kuti dzina la msilikali wolakwiridwayo lifufutike. Apa mpamene ndikuchotsa theka loyamba la mfundo yathu, lakuti kulemekeza msilikali ndiko kunena zoona za zimene anam'chita.

Theka lachiwiri, la kum'patsa gawo lake, likuchokera kwa Davide yemweyo asanakhale mfumu, m'buku loyamba la Samueli, mutu 30. Aamaleki anatentha mudzi wa Zikilagi n'kutenga akazi ndi ana. Davide anawalondola ndi anthu 600, koma atafika pa mtsinje wa Besori anthu 200 analefuka, natsala pomwepo ndi katundu. Enawo atapambana n'kubwera ndi zofunkha, ena mwa iwo anakana kugawira otsala aja, ati sanamenye nawo. Davide anawakaniza, nalamula kuti wotsala ndi katundu alandire mofanana ndi wopita kukamenya, ndipo limeneli linakhala lamulo mu Israeli. Omvera, ikani lamulo limeneli pambali pa mbiri ya amtengatenga. Pa chipilala cha ku Zomba pali mayina a asilikali, koma unyinji wa amtengatenga ulibe dzina paliponse, ngakhale manda odziwika. Mu 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza lokha kuti anthu oposa 100,000, mwinanso katatu kuposa pamenepo, ambiri mwa iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina monga anachitira ndi azungu, ndipo linati tsankho linali m'gulu la zifukwa zake. Nduna ya zachitetezo ya ku Britain panthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Zikalata zakale zinaonetsanso kuti nkhondo yachiwiri itatha, ndalama yothokozera imene msilikali wachizungu ankalandira inali pafupifupi katatu kuposa ya munthu wakuda wa udindo womwewo. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma polipira anasankha. Mkhristu wowerenga kalata ya Yakobo, imene imati malipiro obedwa kwa antchito amafuula mpaka kumwamba, sangaone zimenezi ngati nkhani yakale yongodutsa.

Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukambirana za mmene Mkhristu angalemekezere asilikali, ndipo tikuti ulemu weniweni ndiwo kunena zoona za zimene nkhondo inawachita ndi kuwapatsa gawo lawo. Tsopano tipite ku nyimbo.

Zimene mabuku a azungu anasiya, miyendo ndi mmero za anthu athu zinasunga. Pitani ku Nkhata Bay, Likoma kapena Karonga mukaone malipenga. Pitani ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu mukaone mganda. Tsikirani ku Mangochi ndi Machinga mukaone beni. Muona amuna atavala zoyera bwino kapena zakhaki, ataima m'mizere, akuponda mofanana, ng'oma yaikulu ikugunda ngati ya pa perete, zikho zikulira m'malo mwa malipenga amkuwa, ndipo m'gulumo muli maudindo ngati a usilikali. Magule amenewa anafalikira kwambiri ndi anthu obwera ku nkhondo ya Chiwaya. Ena amati uku kunali kungotengera azungu. Ine ndimaona zoposa pamenepo. Perete amene kunkhondo ankabwera ndi chikoti ndi matemberero, kumudzi anam'sandutsa chinthu chawochawo, chimene mudzi umapikisana nacho ndi mudzi unzake popanda wofa. Mwamuna amene sakanatha kufotokozera mkazi wake zimene anaona, ankatha kuziponda pabwalo anthu onse akuona, ndipo mudzi unkam'landira. Asilikali ankaimbanso ali paulendo, nyimbo zotchula njala, kutopa, kulakalaka kwawo, ndi kudandaula za akuluakulu awo. Nyimbo imalola munthu kunyadira ndi kulira pa nthawi imodzi, chimene filimu ya ngwazi siilola.

M'Baibulo namonso ndi momwemo. Sauli ndi Yonatani atafa pa phiri la Giliboa, Davide anapeka nyimbo ya maliro, n'kulamula kuti anthu a Yuda aiphunzire, ngakhale kuti Sauli anali munthu amene ankam'saka kuti amuphe. Ndipo kale Sauli yemweyo, munthu wa nkhondo zambiri, mtima ukam'vuta chimene chinkam'khazika pansi chinali zeze wa Davide. Apa ndipemphe atsogoleri a makwaya kuti asamale. Tili ndi nyimbo zambiri za m'tchalitchi zotitcha asilikali a Khristu, ndipo n'zabwino, chifukwa Paulo mwini anagwiritsa ntchito fanizo limeneli. Koma iye ananena momveka kuti adani athu pa nkhondo imeneyo si anthu a thupi ndi magazi. Tikaimba nyimbo zotere pa tsiku la chikumbutso ngati kuti Mulungu anali mbali imodzi ya mfuti, tasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Majeremani nawonso anali ndi abusa awo amene ankawapempherera. Tsiku limenelo likufuna masalimo a maliro ndi nyimbo zopempha mtendere.

Tsopano tifike pa mafunso awiri olemera aja. Loyamba n'lakuti, tilemekezerenji anthu amene ankamenyera atsamunda? Funsoli lili ndi mano, tisalipeputse. Gulu lomweli la King's African Rifles linagwiritsidwa ntchito pothana ndi kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, linagwiritsidwanso ntchito mu 1959 boma litalengeza za ngozi m'dziko, ndipo pa 3 Malichi chaka chimenecho asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay, n'kupha osachepera 20. Kunena zoona kumene tikukamba kuno kukuphatikiza zimenezi. Koma tamverani mmene Chilembwe mwini, m'busa wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu, anaonera nkhaniyi. Chakumapeto kwa 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, imene boma linaitsekereza. M'kalatamo sananyoze asilikali akuda. Anawalira. Anakumbutsa boma kuti anthu a dziko lino anakhetsa kale magazi m'nkhondo zina za Angelezi, anafunsa kuti adzapindula chiyani nkhondo ikatha, anadandaula kuti pa mtendere zabwino zonse n'za azungu koma pa nkhondo magazi a munthu wakuda ndi ofunika, ndipo anati akamenye ndi olemera ndi eni minda, m'malo mwa amphawi amene akafa amasiya amasiye ndi ana ovutika. Munthu amene timam'lemekeza pa 15 Januwale analankhulira msilikali wamba ndi mkazi wake wamasiye. Choncho palibe kusemphana pakati pa kukumbukira Chilembwe ndi kukumbukira wa ku Karonga kapena wa ku Burma. Mnyamata amene analowa usilikali chifukwa cha msonkho, njala kapena lamulo la mfumu, mlandu wa ufumu wa Britain suli pamutu pake. Pamene iye mwini anachita nkhanza, zimenezo zinenedwe. Koma kum'taya chifukwa cha mbendera imene anam'patsa ndiko kum'langa kawiri.

Funso lachiwiri n'la chikhulupiriro chenicheni: kodi wotsatira Yesu angalemekeze ntchito imene pakati pake pali kupha? Akhristu akhala akusiyana maganizo pa nkhaniyi kuyambira kalekale. Aphunzitsi ena a mpingo woyamba, monga Tertullian, ankakaniza Mkhristu kugwira lupanga, ndipo mipingo ina mpaka lero imakana usilikali. Ena, kutsatira Augustine wa ku Hippo, amati boma lili ndi udindo woteteza osalakwa, ndipo pali nthawi imene kungopinda manja n'kusowa chikondi. Pulogalamu imodzi singathetse mkangano wa zaka mazanamazana. Koma onani zimene mbali zonse ziwiri zingavomerezane. Asilikali atabwera kwa Yohane Mbatizi kudzafunsa chochita, iye anawauza kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Anawalandira ngati anthu, n'kuwapatsa malire. Yesu anayamikira chikhulupiriro cha kenturiyo wa ku Kaperenao, ndipo Petro anabatiza Korneliyo, msilikali wa ufumu umene unkalamulira dziko lawo mwankhanza. Komanso Baibulo lomwelo limati Davide sanaloledwe kumanga Kachisi chifukwa anakhetsa magazi ambiri, ndipo Yesaya amaona tsiku limene malupanga adzasulidwa kukhala makasu. Munthuyo amalandiridwa, magaziwo amawerengedwabe ngati chinthu cholemera. Tsiku la 11 Novembala lenilenilo, limene nkhondo yoyamba inalekeka, ndi tsikunso limene mpingo wakhala ukukumbukira Martin wa ku Tours, amene Akatolika amam'tchula Martino Woyera: msilikali wa Aroma amene anang'amba chofunda chake pakati n'kugawira wopemphapempha wozizidwa, kenako anasiya usilikali chifukwa cha chikhulupiriro chake. Wokana nkhondo ndi wovomereza nkhondo yodziteteza angathe kuima limodzi pa chipilala, malinga ngati onse abwera kudzalira akufa ndi kusamala amoyo.

Ndipo tisaganize kuti izi n'za makedzana okhaokha. Asilikali athu analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Ndiwo ankafukula anthu m'matope namondwe wa Freddy atagwa mu 2023. Atumikira kangapo pa ntchito yosungitsa mtendere kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, ndipo ena abwerera m'mabokosi. Mu Novembala 2018, pafupi ndi tauni ya Beni m'dzikolo, asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala, zipolopolo zikugwa. Anam'kokera pobisala, ndipo akum'patsa chithandizo choyamba, iye mwini anawomberedwa. Mtanzaniayo anapulumuka. Chaka chotsatira bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali osungitsa mtendere, yotchedwa ndi dzina la Captain Mbaye Diagne. Taonani chimene dziko lonse linalemekeza mwa mnyamata ameneyu. Sanawerenge adani amene anapha. Anaona kuti anataya moyo wake populumutsa munthu wa dziko lina, chimene Yesu anachitcha chikondi choposa zonse m'mutu 15 wa Yohane. Kumayambiriro kwa 2025 tinatayanso asilikali ena kum'mawa kwa Congo komweko. Aliyense wa iwo anasiya nyumba imene lendi ikufunikabe, ndi ana amene fizi yawo ikufunikabe.

Wina angafunse kuti, m'dziko la amphawi ochuluka chonchi, msilikali wopuma aposa bwanji mlimi wokalamba kapena mzamba wopuma? Sakuposa pa mtengo wa umunthu, ndipo mpingo uyenera kusamala onsewo. Kusiyana kwake n'kwakuti msilikali anatumidwa m'dzina lathu kupita kumene akanafa, ndipo analibe ufulu wokana lamulo. Imeneyo ndi ngongole, ndipo ngongole siibwezedwa ndi nkhata ya maluwa kamodzi pachaka. Boma lili ndi mbali yake: penshoni yofika pa nthawi yake, chipukuta misozi chosachedwa kwa amasiye, chisamaliro cha nyumba za asilikali okalamba ku Zomba, ndi madokotala a matenda a maganizo kwa obwera kunkhondo. Ife ovota tili ndi ufulu wofunsa aphungu athu za zimenezi, ndi kufunsanso mafunso olimba asilikali athu asanatumizidwe kunja: akukachita chiyani, ali ndi zida zokwanira kodi, adzabwera liti? Mpingo nawo uli ndi mbali imene boma silingaikwanitse. Mphakati, bungwe la amayi kapena la achinyamata lingathe kudziwa kuti m'dera lake muli msilikali wopuma kapena wamasiye wa msilikali, kukafolera denga lake mvula isanagwe, ndi kukhala naye pansi osam'kakamiza kufotokoza zimene sakufuna. Akafuna kulankhula, achinyamata amene ali ndi mafoni ajambule mawu ake iye atalola, ndipo alembe mayina a makolo a m'mudzimo amene anapita ku mtengatenga, pamene okalamba owakumbukira adakalipo.

Omvera, ndikusiyireni mafunso awiri oti mukambirane pabanja usiku uno. Kodi kumtundu kwanu kunali munthu amene anapita ku nkhondo ya Chiwaya, ku Burma, ku Nacala kapena ku Congo, ndipo ana anu akulidziwa dzina lake? Nanga mpingo wanu ungam'chitire chiyani msilikali wopuma kapena wamasiye amene muli naye pafupi, mwezi uno usanathe? Mutilembere kapena kutiimbira foni kuno ku wailesi kutiuza mayina ndi nkhani zimene mwapeza, ndipo zina tidzaziwerenga mu pulogalamu ikubwerayi ngati mabanja awo alola.